Kope la M'nkhokwe

Malowera, 4 de Junho, 2023

Mlongo wanga Otília,

Moni wochuluka kwa iwe, kwa alamu anga ndi ana kumeneko ku Tete. Kuno tadzuka. Chimanga talonga m'nkhokwe, si chambiri koma njala sitikuiopa chaka chino. Mlamu wako Selestina mwendo uja wasiya kutupa.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba telefoni. Ukudziwa wekha kuti kuno redi ya telefoni imagwira pachulu cha kumsika pokha, ndipo ukakwera pamenepo mudzi wonse umasiya zochita n'kutchera khutu. Nkhani iyi si yapachulu. Ndapatsira Matias, uja amayendetsa lole yonyamula chimanga.

Ndi za mwana wanga Gracinda, amenenso ndi mwana wako. Chaka chino akubwereza kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo zaka wakwanitsa khumi ndi zitatu. Lachitatu aphunzitsi ake, a pulofesoli Silvano, anandiitana kusukulu n'kunditsegulira kope lake. Mlongo wanga, ndinasowa pobisa nkhope. Nkhuku ikapalasa padzala imasiya mizere yooneka kuposa zimenezo. Chodabwitsa n'chakuti a pulofesoli akuti akafunsa funso pakamwa, dzanja loyamba kukwera ndi lake. Koma pa ezame, mayeso aja a chaka chatha, nthawi inatha atayankha mafunso anayi okha mwa khumi.

Ine ndakalipa, ndanyengerera, ndamukhazika pansi n'kumulembetsa zilembo mpaka misozi. Palibe chasintha. Mwana wa ine, ine amene mpaka lero kutchalitchi satulutsa kalata popanda dzanja langa!

Ndiye ndalamula chonchi: akalepheranso mu Novembro, sukulu yathera pomwepo. Azipita ku Fingoe kwa msuweni wa amayi ake, amene amaphikira okumba golide. Kumeneko palibe adzamufunse kuti amalemba bwanji. Ndalamula, koma mtima sukukhazikika. Iwe umagwira ntchito pasukulu imene ili ndi chipinda cha ana ovutika kuphunzira. Tandiuza, kodi ndi ulesi, kapena pali china chimene maso anga sakuona?

Ndine mlongo wako,
Jossias


Tete, 16 de Junho, 2023

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Anzanga kuntchito anaona dzina langa pa envulopu n'kufunsa ngati munachita kudinda pamakina. Ndinati ayi, ameneyo ndi mlongo wanga, amalemba ngati akusoka suti yaukwati. Kuno tonse tili bwino.

Za Gracinda, chonde musafulumire. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu kumigodi? Zimene zimachitikira atsikana kumeneko mukuzidziwa, ndisachite kulemba.

Kuntchito kwathu kuno kuli mayi wina, Dona Argentina. Ntchito yake ndi kuyeza ana amene kulemba kumawavuta. Amayang'ana zolemba za mwana kuti adziwe ngati vuto lili m'maso, m'dzanja, kapena pa kulumikiza zilembo kuti zikhale mawu. Akatero amasankha chomuthandiza. Ena amawatumiza kukapimitsa maso, ena amawapempherera nthawi yoonjezera pa ezame. Ndipo tamverani izi: chaka chino kwabwera matabuleti, aja onga telefoni yaikulu, oti mwana akalankhula amalemba okha. Alipo asanu okha, ana ofuna ndi ambiri, koma ine ndiyesetsa kuti Gracinda asankhidwe.

Nditumizireni zolemba zake msanga. Dona Argentina akaziona alemba chikalata, kenako a dilekitoli, akulu a sukulu yakwanuko, atumize dzina lake ku ofesi ya zamaphunziro ku Fingoe Agosto asanathe. Dzina likapanda kufika, pa ezame adzakhala ngati wina aliyense, nthawi yomweyo, pepala lomwelo.

Moni kwa alamu, ndi kwa mwana wanu wamkulu Catarina, amene ndikumva kuti wandipitirira msinkhu. Nanga mtedza wa chaka chino mwadya nokha?

Wanu,
Otília


Malowera, 2 de Julho, 2023

Mlongo wanga,

Mawu ako atilimbitsa mtima. Selestina anavina atamva za tabuleti, ngakhale mpaka pano sakudziwa ngati imamwa mafuta kapena imadya mabatire.

Ndatumiza mapepala anayi a Gracinda. Ndawakulunga m'pulasitiki kuti fumbi la mumsewu lisawadetse. Tayesetsa kuti chopita kwa anthu akuluakulu chikhale chooneka. Ngati akusankha asanu, wathu asatsale.

Mtedza uli m'kathumba. Mlamu wako anausankha yekha umodziumodzi, wonyala ndi wofumbwa watsala kuno. Utidziwitse zikatheka.

Jossias


Tete, 21 de Julho, 2023

Achimwene,

Mtedza wafika, zikomo, ana aumaliza kale theka. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Koma kalata iyi ndikulemba ndili ndi manyazi.

Dona Argentina anatenga mapepala aja, anavala magalasi, anayang'ana kutsogolo, anatembenuza n'kusisita kumbuyo ndi chala. Kenako anati, "Otília, mwana uyu alibe vuto. Zilembo n'zofanana, mzere woyamba ndi womaliza chimodzimodzi, dzanja n'lopepuka. Ana onse akanati azilemba chonchi, ine ntchito ikanandithera." Anthu m'chipindamo anaseka. Inenso ndinaseka, koma kwa pamwamba. Matabuleti anagawidwa Lachisanu. Chikalata chija akuti sangalembe, poti sangasainire vuto limene sanalione.

Munandifunsa ngati ndi ulesi. Ine ndinamuikira kumbuyo mwanayu, koma mapepala awa andisowetsa chonena. Amene angathe kulemba chonchi tsiku limene wafuna, ndiye kuti masiku enawo safuna. Mumuwerengere mawu anga awa:

Gracinda, mwana wanga, wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Dzanja uli nalo, ndaliona ndi maso anga. Siya masewera. Pali ana kuno amene akulira kufuna kulemba koma sangathe, iwe ukutha koma ukuseweretsa ababa ako.

Ndalankhula mowawa chifukwa ndimamukonda.

Otília


Malowera, 13 de Agosto, 2023

Atitiya,

Moni. Ndine Catarina, mwana wa achimwene anu. Ababa sakudziwa kuti ndalemba, ndipo amama angodziwa koma sanaone.

Atitiya, mapepala aja ndinalemba ndine. Linali Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ababa anandikhazika pakhonde, anandipatsa mapepala oyera ndi cholembera chawo chimene sabwereketsa munthu. Gracinda ankawerenga za m'kope lake, poti zilembo zakezo amazimva yekha, ine n'kumalemba. Ndinafunsa kuti, "Ababa, nanga si akufuna zolemba za Gracinda?" Iwo anati, "Mawuwo ndi ake. Ufa wopita kwa alendo umasefedwa." Sanafune kukunamizani. Ankaganiza kuti asanuwo asankha olemba bwino.

Kalata yanu inawerengedwa pakhonde lomwelo, tonse tilipo. Ababa atafika pa mawu akuti wandichititsa manyazi anaima, anakhosomola, koma anapitiriza mpaka kumapeto. Gracinda sanalire. Anangondiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kusukulu. Wachapa zitenje zake ziwiri n'kuzipinda. Dzulo amafunsa amama kuti anthu makumi awiri amawaphikira ufa wochuluka bwanji. Akuti palibe chifukwa chodikira Novembro.

Atitiya, mng'ono wangayu si waulesi. Kulima amalima, kusinja amasinja kundiposa ine. Koma ulusi m'singano sangalowetse, ndipo mabatani a yunifomu ndimamumanga ndine m'mawa uliwonse, kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Akalemba tsamba limodzi zala zimauma, amakaziviika m'madzi. Amama akuti zinayamba atadwala malungo aakulu aja ali ndi zaka zitatu. Ababa zimenezi sazidziwa, poti sitinawauze, ndipo iwo sanafunse.

Kope lenileni ababa analisomeka kudenga la nkhokwe kuti mlendo asadzalione. Ndalitenga. Mbewa zadya ngodya imodzi koma zambiri zilipo. Ndapatsira a Matias pamodzi ndi kalata ino. Ababa akandikalipira, andikalipire.

Mwana wanu,
Catarina


Tete, 1 de Setembro, 2023

Achimwene,

Moni ndikukupatsani, koma lero nthabwala ndilibe. Lole ya Matias inathyoka chitsulo panjira n'kukhala masabata awiri, moti phukusi lochokera kwanuko landipeza pa 28 de Agosto. Kope la m'nkhokwe lili pamaso panga pano, likununkha chimanga. Catarina musamukhudze, ndiye yekha amene wachita zanzeru pakati pa tonsefe.

Poyamba ndinakwiya nanu kwambiri. Kenako ndinakumbukira zimene ndinakulemberani ine: asanu okha, asankhidwe. Ndinalankhula ngati ndi mpikisano. Sindinakuuzeni kuti Dona Argentina amafuna zoipazo, monga dokotala amene amafuna kuona bala, osati mwendo wabwinowo. Mlandu umenewo tigawane. Koma mawu amene ndinalembera Gracinda ndi anga ndekha, ndipo akundiwawa tsiku lililonse.

Dona Argentina anakhala ndi kope lija ola lathunthu. Anandionetsa zinthu zimene ine ndi inu tinkangoti kupalasa kwa nkhuku. Mzere woyamba pa tsamba lililonse zilembo n'zazing'ono, zowerengeka. Pofika wachitatu zayamba kukula. Pofika wachisanu zikunjenjemera n'kuchoka pamzere. Anandigwiritsa kumbuyo kwa tsamba: n'kokhakhala, mwina mwabooka, poti mwanayu amakanikiza lapizi, pensulo ija, ndi mphamvu zonse kuti isamupulumuke. Koma mawu alionse ali ndi zilembo zake zokwanira, ndipo masamu mayankho n'olondola. Anati, "Mutu ukudziwa, maso akuona. Likutopa ndi dzanja."

Sanathere pomwepo. Tinaimbira a pulofesoli Silvano, iwo n'kukwera pachulu paja, mudzi umve usamve. Mawa lake anapita kwanu inu muli kudimba, alamu anawalola. Anamuyesa Gracinda katatu monga anawauzira Dona Argentina. Kukopera mphindi zisanu ndi lapizi: mawu khumi ndi asanu ndi anayi, dzanja n'kuuma. Kufotokoza nkhani pakamwa mphindi zisanu, iwo akulemba: anachita kumupempha kuti azidikira. Kachitatu anamupatsa khala lonenepa kuti alembe pathabwa lotsamira pakhoma, ndipo zilembo zinaima bwino mizere isanu ndi iwiri.

Ndinafunsabe za tabuleti, poti ndinalonjeza. Dona Argentina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Aziitchaja pati? Ikafa aikonza ndani? Ndipo m'chipinda cha ezame alowa nayo?" Za tabuleti ndinazisiya pomwepo. Zimene wasankha ndi izi. Lapizi ikhale yonenepa pogwirira, ngati chala chachikulu, kuti zala zisamapanikizane; mungathe kuikulunga ndi mphira. Azilembera pathabwa lopendekeka, osati pa bondo kapena pa desiki yafulati. Asamakopere zonse za pabolodi. Mnzake wokhala naye aziika pepala la kaboni pansi pa lake, ndatumiza paketi. Ndipo pa ezame apatsidwe nthawi yoonjezera ndi mapepala a mizere yotalikirana.

Chomalizachi ndiye chavuta. Mayina anapita kale ku Fingoe, la Gracinda mulibe. A dilekitoli akuti njira yatsala imodzi: kholo lipite lokha ku ofesi ya zamaphunziro, litenge chikalata cha Dona Argentina ndi kope, likapemphe. Kope lenilenilo, achimwene, ndipo akalitsegula anthu akuona. Chikalatacho tsopano walemba, ndatumiza pamodzi ndi kope. Ine sindingachoke kuntchito, ndipo ngakhale ndikanachoka, akufuna kholo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Gracinda mumuuze kuti atitiya ake analakwa. Ndidzamuuzanso ndekha.

Otília


Malowera, 24 de Setembro, 2023

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa sindinafune kukulembera mawu okha.

Kalata yako ndinakaiwerengera kuseri kwa khola, kawiri. Catarina sindinamukalipire. Ndinakhala masiku atatu kope lili pansi pa mphasa.

Pali chinthu chimene iwe sungachikumbuke, poti unali kumsana kwa amayi. Tili ku Zambia nthawi ya nkhondo, tinkaphunzira m'chisakasa cha udzu. Kukamveka kuti kukubwera alendo ndi mphatso, aphunzitsi ankatolera makope onse onyansa n'kuwaponya m'thumba kuseri, patebulo n'kuyala abwino okhaokha. Olemba bwino tinkalandira zolembera, enawo ankaombera m'manja. Ine ndinalandira cholembera chabuluu ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinagona nacho m'manja. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti thandizo limapita kwa ooneka bwino, ndipo chonyansa chimabisidwa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikudziwa zimenezo. Za ana a makope a m'thumba aja sindinaganizepo n'kamodzi komwe, mpaka wina wabadwa m'nyumba mwanga.

Tsiku lachinayi ndinapopa njinga. Ulendo wa ku Fingoe unanditengera masiku awiri, ndinagona kwa katekisita wina panjira. Ku ofesi ndinapeza benchi yodzaza, ena akwathu konkuno. Itafika nthawi yanga, mayi wa patebulo anawerenga chikalata n'kunena kuti, "Tsegulani kope tione." Mlongo wanga, dzanja langa ili, limene umati limasoka suti, linakana. Ndinachita kulikakamiza. Ndipo kope linatsegukira pa tsamba loipitsitsa.

Bambo wina amene anali kumbuyo kwanga anasuzumira n'kuseka. Anati, "Akulu, walemba apa ndi mwana kapena nkhuku?" Mawu anga omwe aja, otuluka pakamwa pa munthu wina. Anandilasa. Ndinangodzimva ndikuyankha kuti, "Ndi mwana wanga. Dikirani ndikuwerengereni."

Ndinali ndisanawerengepo kope limenelo. Ndinkangoliyang'ana. Tsiku limenelo ndinaika chala pansi pa mawu, pang'onopang'ono, mpaka zilembo zinayamba kundilola. Inali ntchito yoti afotokoze chinthu chimene amadziwa kuchita munthu wa kwawo. Iye analemba mmene ndimamatira chubu cha njinga. Kuviika m'beseni kuti thovu lionetse pobooka, kupala ndi mwala, kudikira guluu aume pang'ono usanaike chigamba, ngakhale kuti ndimaika kaudzu pabowo kuti ndisapataye. Sanadumphe kanthu. Mwana amene ndinkati sasamala anakhala akundiyang'anitsitsa zaka zonsezi. Nditafika kumapeto ndinalibweza patebulo.

Mayi uja anatenga kope n'kusisita kumbuyo kwa tsamba, monga unanena kuti amachitira Dona Argentina. Analowa nalo m'chipinda china, anakhalitsa, n'kubwera ndi mndandanda. Dzina la Gracinda analilemba pansi penipeni ndi cholembera, ine ndikuona. Pobwerera ndinadutsa njira ya kumigodi. Ndinaona atsikana amsinkhu wake atasenza madzi kupita kumaenje, matope mpaka m'mawondo. Kwa msuweni uja sindinaime.

Mphira ndadula ku chubu chakale cha njinga yomweyo. Ndinakulunga malapizi atatu mosiyana. Yoyamba akuti yanenepa kwambiri, yachiwiri ikuterera, wasankha yachitatu. Thabwa ndachotsa pangolo yakale, ndalipala mpaka kusalala, ndaika kamtengo kumunsi kuti kope lisamatsetsereke. Pomupatsa ndinamuuza kuti ndinamulakwira. Ndinanena amayi ake ndi mkulu wake akumva. Iye anaika kope pathabwa, anayesa mzere umodzi, n'kunena kuti, "Ababa, lapendekeka kwambiri." Ndinakalitsitsa.

Wabwerera kusukulu, thabwa amanyamula pamutu. Anzake anamuseka masiku awiri, tsopano ena akuti ndiwapangire awo. Zilembo sizinakongole, ndisakunamize kachiwiri. Koma dzulo wadzaza tsamba lonse osakaviika zala m'madzi.

Lamulo langa lija ndalimeza. Akhoze asakhoze, kumigodi sapita.

Ndine mlongo wako,
Jossias


Malowera, 17 de Dezembro, 2023

Atitiya,

Moni. Ndine Gracinda. Muli bwanji? Kuno mvula yagwa, tadzala.

Ezame ndinalemba. Anandipatsa pepala la mizere ikuluikulu. Anzanga atatuluka ine ndinatsala ndi a pulofesoli awiri. Dzanja linawawa pa funso lachisanu ndi chitatu. Ndinaliika pansi, ndinawerenga mpaka makumi awiri, ndinapitiriza. Ndinayankha onse khumi.

Lachisanu anamata mayina pakhoma la sukulu. Langa lilipo. Ndakhoza.

Mawu anu aja ndinakwiya nawo. Tsopano ndasiya. Ababa akuti mubwera pa Khirisimasi. Mubwere ndi kaboni wina, uja watha.

Kalata iyi ndalemba masiku awiri. Palibe wandikopera.

Mwana wanu,
Gracinda

Mlongo wanga, ndine Jossias, ndangoonjezera pansi pano. Mizere itatu yomalizayo yakhota, ndipo pena lapizi yaboola pepala. Cholembera changa chinali m'thumba, pepala loyera linalipo. Ndaisiya momwemo. Ukawerenga usaiike m'sutikesi. Upite nayo kuntchito, anzako aja aione.